KABOKOSI KA PA ZENERA

M'caka ca 1949 munafika m'dziko muno wailesi ya mtundu watsopano, yopangidwa ku England ndi kampani ya Ever Ready. Maonekedwe ace anali ngati poto wophikiramo ndiwo, ndipo kaamba ka ici anaicha Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace, limene linali lalikulu ndi lolemera, linagulidwa pa lokha. Dzuwa likalowa anthu a mudzi wonse anali kusonkhana pa khomo la mwini wailesiyo kudzamva nyimbo ndi nkhani zocokera ku Lusaka, m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'Cilozi. Koma wailesi ija inali ndi pakamwa pokha, makutu inalibe. Munthu akafuna kuyankha, kapena kupereka moni kwa mbale wace wa ku migodi, anayenera kulemba kalata, naiponya ku positi, nadikira masabata.

Masiku ano m'nyumba zambiri za m'matauni, ndi zina za kumidzi komwe, muli wailesi ina yaing'ono imene siyimba nyimbo, ndipo ngakhale muike khutu pa iyo simudzamva kanthu. Iyi iri ndi pakamwa ndi makutu omwe, itumiza, nilandiranso. Dzina lace ndi rauta, ndipo nchito yace ndiyo kutenga intaneti kunja ndi kuigawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba popanda cingwe. Kugula kabokosi kameneka sikubvuta kwa iye amene ali ndi ndalama. Kukaika bwino ndiko kufuna nzeru, monga anaona a m'banja lina la ku Chipata.

Mwini nyumbayo anali munthu wokalamba, telala wakale, amene maso ace anali atayamba kufooka. Pa ubwana wace anali mmodzi wa ana aja okhala pa pfumbi patsogolo pa Saucepan Special. Iye ndi mkazi wace anali kulera adzukulu awiri, mtsikana wa mu Giredi 7 ndi mlongo wace wamng'ono, pakuti amai wa anawo anali atamwalira, ndipo atate wao anali pa nchito ku Kitwe. M'caka ca 2020, pamene masukulu anatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, mtsikanayu anakhala miyezi yambiri wosaona mphunzitsi, pamene ana a m'nyumba zokhala ndi intaneti anapitiriza kuphunzira. Pobwerera ku sukulu anapeza kuti masamu amthawa, ndipo zaka zinapita iye ali kuwathamangira m'mbuyo. Tsono mayeso akulu atayandikira, atate wace anatumiza ndalama, nati agule rauta, kuti mwana aziona maphunziro madzulo, ndi kuti iwonso aziona nkhope za ana ao. Ndalama zija sizinali zotola pa njira. Zinali za miyezi ingapo ya kudzimana.

Muyenera kudziwa kuti m'kabokosi kamodzi kameneka mukhala anchito awiri. Woyamba ndiye modemu. Nchito yace ifanana ndi ya womasulira wa pa bwalo la milandu, amene aima pakati pa anthu awiri osamvana cinenero. Kompyuta idziwa cinenero cimodzi cokha, ca manambala awiri, 0 ndi 1. Koma nsanja ya kampani ya mafoni ilankhula ndi mafunde a wailesi, ndipo cingwe ca galasi cilankhula ndi kuwala. Modemu asandutsa manambala akhale mafunde, nasandutsanso mafunde akhale manambala. Waciwiri ndiye rauta mwini wace, amene ali ngati kalaliki wa pa positi. Ciri conse coyenda pa intaneti, kapena kalata, kapena cithunzi, kapena mau a munthu, ciyamba cadulidwa tizidutswa tating'ono, ndipo kacidutswa kali konse kanyamula keyala ya kumene kapita. Rauta apatsa foni iri yonse ya m'nyumba nambala yaceyace, ndipo tizidutswa tikafika apereka aka kwa uyu, ako kwa uyo. Ndico cifukwa cace phunziro limene mtsikana waitanitsa silisocera kukatulukira pa foni ya agogo ace. Nyumba zina ziri ndi anchito awiriwa ali yense m'bokosi lace, olumikizidwa ndi cingwe cacifupi. Koma anthu ambiri agula kabokosi kamene kali nao onse awiri, ndipo dzina la rauta laphimba la mnzace.

Intaneti ifika pa nyumba ndi njira zosiyanasiyana. Ina idza ndi waya wa mkuwa wa lamya, ndiyo njira yakale. Ina idza ndi cingwe ca galasi coonda ngati tsitsi, cimene acicha faiba. Ina itsika kucokera ku makina ozungulira dziko m'mlengalenga, monga a Starlink, amene anayamba nchito m'Zambia m'caka ca 2023. Ndipo ina icokera ku nsanja za mafoni zimene muziona pa mapiri ndi m'mbali mwa miseu. Dziko la Zambia linalumikizidwa ndi intaneti m'caka ca 1994, pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, pamene maiko ambiri a mu Africa anali asanatero. Popeza dziko lino liribe gombe la nyanja yamcere, zambiri zimene muona pa foni ziyamba zayenda m'zingwe za pansi pa nyanja, zotulukira pa mtunda ku malo monga Dar es Salaam, Maputo ndi Swakopmund, ndipo kucokera kumeneko zidutsa maiko a anansi kufikira zilowa muno. Ulendo wonsewu utha munthu asanaphethire kawiri.

Ku dera la telala uja kunalibe cingwe ca galasi, cotero njira yao inali ya nsanja. Agogo aamuna sanathamangire ku sitolo. Anayamba atuma mdzukulu wao pa makomo a anansi kukafunsa kuti mwa makampani a mafoni, monga MTN, Airtel ndi Zamtel, ndi iti imene imveka bwino pa dera lao, pakuti akale anati safunsa anadya phula. Apa anacita mwanzeru, cifukwa kampani yamphamvu tsidya lino la phiri ikhoza kukhala yofooka tsidya linalo, ndiponso marauta ena amangidwa kuti alandire kadi la kampani imodzi yokha. Atadziwa, anabvala jekete lao, natenga kadi lao lobiriwira la NRC, pakuti lamulo la ZICTA, ndilo bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, lifuna kuti simu kadi iri yonse ilembedwe m'dzina la mwini wace. Anabwerako masana ndi katoni m'khwapa.

M'katonimo munali zinthu zinai: kabokosi koyera, cingwe ca magetsi cokhala ndi mutu wonenepa, cingwe cina columikizira kompyuta, ndi kapepala ka malangizo. Mtsikana anawerenga kapepalako mokweza, namasulira agogo ace. Analowetsa simu kadi m'kamphako kace magetsi asanayatsidwe, mbali ya golidi itayang'ana kumene cithunzi cinalozera, ndipo atatero analumikiza cingwe, nayatsa. Timagetsi ta patsogolo tinayamba kuphethira. Mnyamata anafuna kudinadina, koma mlongo wace anamgwira dzanja, pakuti kabokosi kafuna mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kadzuke, kafunefune nsanja ndi kudzidziwitsa kwa iyo. Kenaka timagetsi tija tinaleka kuphethira, tinayaka cete.

Pomwepo panabuka mlandu woyamba. Agogo aamuna anati, "Cinthu ca ndalama zambiri cotere sicigona poyera. Bwera naco kuno, mdzukulu wanga, ticiike m'bokosi langa la citsulo. Cingwe cidzatulukira pa ngodya yobooka ija." Bokosi limeneli linali pansi pa kama, ndipo m'menemo munagona lumo la utelala, makalata a nyumba ndi nsalu ya ukwati ya agogo aakazi. Mtsikana sanatsutse akulu. Anaika rauta m'bokosimo, natseka, napereka foni kwa agogo ace kuti aone okha. Timizere tosonyeza mphamvu ya mafunde tinali titazimirira.

Cifukwa cace ndi ici. Mafunde amene rauta atumiza m'nyumba, ochedwa Wi-Fi, ali a mtundu umodzi ndi a wailesi yoyimba, ndi kuwala kwa dzuwa komwe, ndipo ayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Koma nyumba youlutsira mau ipfuula ngati munthu woima pa culu, pamene rauta anong'ona cabe. Mau ace apyola citseko ca thabwa ndi nsalu ya pa zenera mosabvuta. Khoma la njerwa zoocha liwafooketsa, ndipo makoma awiri kapena atatu akhoza kuwatha. Citsulo ndiye mdani wamkulu, pakuti ciwabweza monga kalirole abweza kuwala. Madzi nawonso awamwa. Cotero malo oipa a rauta ndiwo m'bokosi la citsulo, kuseri kwa filiji, pambali pa mgolo wa madzi, ndi pansi pa ngodya pamene mipando ndi miyendo ya anthu imchinga.

Palinso cina cimene ambiri aiwala. Kabokosi ka simu kadi kali ndi makutu a mbali ziwiri: kayenera kumva nsanja imene iri kunja, ndiponso mafoni a m'nyumba ayenera kukamva iko. Rauta wa cingwe ca galasi akondwa kukhala pakati peni peni pa nyumba, popeza intaneti imfikira m'cingwe. Koma wa simu kadi akakhala pakati, makoma ndi malata a denga amtsekera nsanja. Foni ikhoza kusonyeza timizere tonse ta Wi-Fi, koma kanthu kosabwera, cifukwa kabokosi kameneko kali kulankhula bwino ndi a m'nyumba koma sikamva za kunja. Anthu ena pakuona izi abwerera ku sitolo ndi ukali, nati anawagulitsa cakufa, pamene cofunika cinali kusuntha kabokosi mikono itatu yokha.

Tsono anayamba ulendo wa m'nyumba. Mtsikana ananyamula rauta, mnyamata anakoka cingwe ca magetsi cotalikitsira, ndipo agogo aamuna, amene sanathe kuona timagetsi, anatsata m'mbuyo nafunsa pa malo ali onse, "Tayaka tingati, mwana iwe?" Ku cipinda cogona kanayaka kamodzi. Pa gome la pakati tinayaka tiwiri. Pa zenera la ku cipinda cocezera, loyang'ana ku phiri kumene kunali nsanja, tinayaka tonse. Pamenepo telala anakhoma kathabwa pa khoma, m'mwamba kuposa mutu wa munthu, pambali pa zenera pamene dzuwa la masana silifika ndi dzanja la wodutsa kunja silingafike. Agogo aakazi anabwera ndi kansalu kao kopeta maluwa kuti abvundikire mlendoyo pfumbi, monga acita ndi wailesi ya kanema, koma anawapempha kuti aleke. Timabowo ta m'mbali mwa kabokosi ndito mphuno zace zotulutsira kutentha, ndipo kakatenthedwa kacita ulesi, kapena kazima.

Pa foni panaoneka maina awiri ofanana, limodzi lothera ndi 2.4, lina ndi 5. Manambala awa anena za kunjenjemera kwa mafunde. A 2.4 anjenjemera nthawi 2,400,000,000 pa sekondi imodzi, ndipo funde limodzi litalika masentimita 12 ndi theka. A 5 anjenjemera koposa kawiri, ndipo ali aafupi. Oyambawo afika patali, ngakhale ku khichini ya panja ndi patsinde pa mango, koma anyamula katundu pang'onopang'ono, ndipo njira yao ndi yopanikizana popeza marauta a anansi ayendamonso. Aciwiriwo athamanga ndithu, koma atopa pa khoma laciwiri. Wokhala pafupi asankhe 5, wokhala patali asankhe 2.4. Malamulo a kalankhulidwe ka mafunde amenewa anapanganidwa m'caka ca 1997 ndi bungwe la akatswiri la IEEE, nawapatsa nambala 802.11, ndipo dzina lakuti Wi-Fi linadza m'caka ca 1999. Cifukwa ca pangano limenelo foni yopangidwa ku Korea imvana ndi rauta wopangidwa ku China, ngakhale sanaonanepo.

Inatsala nchito ya makiyi, ndiyo imene anthu aulesi ailumpha. Kunsi kwa kabokosi kuli kapepala komatidwa, ndipo pamenepo palembedwa dzina la Wi-Fi, mau acinsinsi olowera, ndi keyala ya kabokosiko, imene kawiri kawiri ikhala 192.168.0.1, kapena 192.168.1.1, kapena 192.168.8.1. Mtsikana analowa pa Wi-Fi ndi mau a pa kapepalako, nalemba keyala ija pa foni, pa malo polemba maina a masamba a intaneti. Panatseguka tsamba limene siliri ku Lusaka kapena ku America, koma m'mimba mwa kabokosi momwemo. Apa mpamene mwini auza rauta zocita.

Makiyi ali awiri, ndipo musawasokoneze. Ina ndiyo ya khomo la Wi-Fi, imene ali yense wa m'nyumba aidziwa. Ina ndiyo ya tsamba la m'kati lija, imene iyenera kukhala ndi mwini yekha. Marauta ambiri acoka ku fakitale ndi kiyi yaciwiriyi yofanana, liu lakuti admin, ndipo anyamata ocenjera a m'tauni onse alidziwa. Kuisiya cotero kuli ngati kugula loko amene makiyi ace agulitsidwa pa msika. Munthu woipa akalowa pa tsamba limenelo akhoza kutsekera kunja mwini nyumba, kapena kusokeretsa mafoni kuti apite ku masamba onyenga kumene ambera manambala a ndalama. Cotero mtsikana anasintha kiyi imeneyi poyamba. Anayang'ananso mtundu wa loko wa Wi-Fi, naona kuti uli pa WPA2. Umenewu ndi mnzace watsopano WPA3 ndiwo abwino. Wakale wochedwa WEP uthyoka m'mphindi zowerengeka.

Pa mau acinsinsi agogo aamuna anati alembe dzina lao la mfunda ndi caka cao cobadwa, kuti asaiwale. Mtsikana anayankha mwaulemu, "Agogo, mfunda wanu auchula ali yense wopereka moni pa njira, ndipo zaka zanu munaziulula nokha ku chalichi." Nkhalamba inaseka, nibvomera. Kabokosi kakana mau osakwana zilembo 8, koma otalika ndiwo olimba, ndipo mau anai osagwirizana, oikidwa pamodzi ndi nambala pakati, aposa liu limodzi lobvuta. Telala anasankha ace mwa zinthu zimene anaziona pa moyo wace, ndipo sadzalembedwa muno. Anawalemba m'kabuku ka miyeso ya makasitomala akale, naika kabukuko m'bokosi la citsulo lija, limene tsopano linapeza nchito yoliyenera. Dzina la Wi-Fi analisinthanso, koma sanaikepo dzina la banja, kuti wodutsa asadziwe nyumba imene muli makina.

Usiku womwewo anaimbira ku Kitwe. Nkhope ya mwana wao inaoneka pa foni, ali m'zobvala za nchito. Agogo aakazi anagwira foni ndi manja awiri, nayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka anati, "Waonda. Kodi udya?"

Mlandu waukulu unadza pambuyo pace, ndipo sunacokere ku makina. Inu mudziwa mwambo wa kupala moto. Mai akadzuka napeza moto wace wazima, atenga phale napita kwa mnansi, ndipo palibe amene amana mnzace khala la moto. Wocita cotero anthu amuyesa mfiti. Tsiku lina mai wa nyumba yoyandikana anabwera, napempha mau acinsinsi kuti alankhule ndi mbale wace wodwala. Mai ameneyu ndiye anagona ku cipatala ndi agogo aakazi pamene mpongozi wao anali kumwalira. Kodi akanammana bwanji? Anatsegula bokosi la citsulo, namuonetsa kabuku. Maiyo anauza mwana wace wamwamuna, mwanayo anauza mnzace mmodzi yekha, ndipo mnzaceyo anauzanso mmodzi yekha. Posakhalitsa madzulo ali onse kunja kwa mpanda kunali kukhala anyamata pa miyala, mitu yowerama, nkhope zikuwala mu mdima. Agogo aamuna anayesa kuti akonda mphepo ya pamenepo.

Pa tsiku lacisanu ndi cinai mtsikana anatsegula phunziro lace la masamu, ndipo silinabwere. Bandulo ya mwezi wathunthu inali itatha. Analowa pa tsamba la m'kati, pamene rauta alemba maina a onse olumikizidwa kwa iye, nawerenga mafoni khumi ndi anai. M'nyumbamo munali atatu.

Apa mpofunika kumvetsa. Moto sucepa pakuupala; khala licoka, koma nkhuni ziyakabe. Bandulo siiri moto, iri ngati ufa wa m'thumba, ndipo ali yense wotapako aucepetsa. Muyeso wace ndi megabaiti ndi gigabaiti, ndipo mamegabaiti 1,000 apanga gigabaiti imodzi. Uthenga wa mau olembedwa uli ngati kambeu kamodzi ka mcere, buku lathunthu la zilembo zokha likhoza kukwana m'megabaiti imodzi kapena ziwiri. Koma kanema wa ola limodzi akhoza kudya gigabaiti yathunthu, ndipo wooneka bwino koposa adya zingapo. Anyamata aja anali kuonera mpira. Ngakhale iwo amene alipira intaneti yosawerengedwa sapulumuka konse, cifukwa liwiro ligawanika monga madzi a pa mpopi umodzi: otunga akaculuka, ndowa iri yonse icedwa kudzala.

Usiku uja m'nyumbamo munalibe mtendere. Agogo aamuna anati, "Amai, mwadyetsa mudzi wonse thukuta la mwana wanu. Nanga uyu alemba ciani pa mayeso?" Agogo aakazi anayankha, "Inu abambo, pamene tinali ndi maliro pano anabwera ndi nkhuni ndani? Kabokosi kanuko kodi? Mnzako akapsa ndevu mzimire." Ndipo kunena zoona onse awiri anali ndi mfundo. Mai wokalambayo sanali wopusa. Anadziwa kuti banja lokhala ndi ana amasiye silingaime popanda anansi, ndi kuti mbiri ya umbombo ikakugwera sicoka ndi sopo. Cimene sanadziwe ndico cakuti mau acinsinsi sali ngati phale la moto limene libwerera kwa mwini wace. Akatuluka pakamwa kamodzi abalana, ndipo foni imene inawalandira iwasunga, nilowa yokha nthawi iri yonse ikayandikira nyumbayo.

Anaweruza mlanduwo ndi mwana wao wa ku Kitwe, amene anatumiza ndalama zina za bandulo, osadandaula, nauza mwana wace za khomo la alendo. Marauta ambiri atha kutulutsa dzina laciwiri la Wi-Fi, lokhala ndi kiyi yaceyace, limene mwini alitsegula ndi kulitseka pamene afuna, ndipo wolowera pamenepo safika ku tsamba la m'kati. Mtsikana anasintha kiyi ya banja, ndipo mafoni khumi ndi limodzi aja anagwa onse nthawi imodzi. Anatsegula khomo la alendo. Agogo aamuna anapita okha kwa mnansi, nakhala pansi, nafotokoza za ufa ndi moto, ndipo maiyo anacita manyazi, pakuti sanadziwe za anyamata a ku mpanda. Anapangana kuti iye akafuna kuimba azibwera pa khonde, mtsikana namlembera yekha kiyi pa foni, ndi kuti mwana wace wamkazi, amenenso anali mu Giredi 7, azidzaphunzira pamodzi ndi mnzace madzulo. Pa kutha kwa mwezi maiyo anabwera ndi kandalama komanga pa nsonga ya citenje. Agogo aakazi anakana kawiri, nalandira kacitatu. Koma kufikira lero sakondwa kuti m'nyumba mwao muli cinthu cimene mlendo ayenera kucipempha ndi kiyi. Anyamata a ku mpanda anabwerabe masiku awiri, nayesa mfunda wa telala ndi zaka zosiyanasiyana, kenaka miyala ija inatsala yokha.

Anaikanso lamulo lakuti foni ya maphunziro isalowe ku cipinda cogona, ndi kuti ana asayankhe munthu wosamdziwa wowalembera pa intaneti, ngakhale adzichule mnzao wa sukulu. Rauta agawa makalata mokhulupirika, koma sasankha abwino ndi oipa.

Mabvuto otsala anali a magetsi. Pa cilala ca 2024 madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse. Rauta sadya magetsi ambiri, alingana ndi nyale imodzi yaing'ono. Mutu wonenepa uja wa pa cingwe utsitsa mavoti 230 a pa khoma kufikira 12, kapena nambala ina yolembedwa kunsi kwa kabokosi. Cotero kabatire kopangidwira nchito imeneyi, kapena batire la sola la mavoti oyenera, likhoza kumsunga wamoyo maola angapo. Telala anagula kabatire kotere, ndipo atsikana awiri aja anaphunzira pa khonde mudzi wonse uli bii. Koma nsanja nayonso idya magetsi, ndipo mabatire ace akatha, kabokosi kayaka cabe kopanda cogawa. Musabwereke mutu wa cingwe ca makina ena musanawerenge manambala ace, pakuti wa mavoti oposa uocha kabokosi nthawi yomweyo. M'dzinja, mabingu akayamba, zulani cingwe pa khoma. Mphezi ikagwa pa waya ngakhale patali, mphamvu yace iyenda m'wayamo kufikira m'nyumba. Ndipo tsiku limene intaneti yaima popanda cifukwa, zimani kabokosi, muwerenge kufikira makumi atatu, muyatsenso. Mankhwala amenewa aciritsa nthenda zambiri za rauta.

Kumbuyo kwa kabokosi kuli kabowo kakang'ono, kolowa nsonga ya singano, kolembedwa Reset. M'kati mwace muli kabatani, ndipo munthu akakadina nagwiritsa masekondi ngati khumi, rauta aiwala zonse zimene anauzidwa: dzina, makiyi onse awiri ndi khomo la alendo, nabwerera monga anacokera ku fakitale. Anakaika kuti kathandize iye amene wataya kiyi ya tsamba la m'kati. Mnyamata wamng'ono uja anali ataona kabowo aka kuyambira tsiku loyamba, ndipo Loweruka lina, akulu ali ku maliro ndi mlongo wace ali ku mpopi, anakwera pa mpando ndi munga wa mthethe m'dzanja.

Madzulo mafoni onse anakana kulowa, ndipo pa mndandanda panaoneka dzina lakale la pa kapepala. Mnyamata anaulula asanafunsidwe kawiri. Panalibe cina koma kuyambanso. Anatsitsa kabokosi, natulutsa kabuku m'bokosi la citsulo, ndipo mtsikana anati ayambe kulemba keyala, koma agogo ace anatambasula dzanja. "Patse kuno. Caka ca mawa udzakhala ku sekondale, nanga adzandicitira ndani?" Anabvala magalasi ao, nayandikiza foni ku mphuno monga anali kucita polowetsa ulusi m'singano, ndipo mtsikana anachula manambala limodzi limodzi, iwo nadina ndi cala cimodzi: 1, 9, 2, kadontho. Nchito imene mwana anaitha m'mphindi khumi inawatengera ola lathunthu. Atatha anabweza kabokosi pa kathabwa kace, namata kacigamba ka nsalu pa kabowo kaja, nacotsa mpando pansi pa zenera.